Mukufuna ka MP3 player? Yambani mwafunsa kuti nyimbo zimalowamo bwanji

Ndikudziwa ena mufunsa kuti timapuleya ta nyimbo nta chiyaninso masiku ano poti foni imaimba kale. Dikirani kaye. Magetsi akathima kuyambira m'mawa, foni ili pa 18% ndipo ukudikira meseji ya Mpamba kapena Airtel Money, sungayerekeze kuyatsa nyimbo. Komanso pali othamanga m'mawa omwe safuna kunyamula chifoni chachikulu m'thumba, pali agogo omwe amangofuna makwaya ndi maulaliki awo basi opanda zotsegulatsegula, ndiye palinso ife amene bandulo imatithera pa nyimbo za pa intaneti mwezi usanafike pakati. Kapuleya kakang'ono kamathetsa zonsezi.

Koma vuto ndi loti anthu tikamagula timayang'ana mtundu, kuwala kwa sikirini, kaya kakulira mokweza bwanji, kenako ukafika kunyumba ndi pomwe umazindikira kuti nyimbo zako sizikulowamo. Ine ndimati puleya ndi pulogalamu yake ya pa kompyuta zili ngati mtondo ndi munsi, ukagula chimodzi osaganizira chinzake chimanga chikhala chosakonola. Ndiye tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Gawo loyamba: onani kaye nyimbo zomwe muli nazo

Musanapite ku Limbe kapena kwa Tsoka kukasakasaka, tsegulani foda yanu ya nyimbo muone mathero a maina a mafayilo. Ena amathera ndi .mp3, ena .m4a, ena .wma ngati munakopera ma CD kalekale ndi Windows Media Player, ndipo ngati muli okonda zomveka bwino mwina muli ndi .flac. Zomwe munthu anajambula pa WhatsApp podina ka maiki kaja zimabwera ngati .opus, ndipo timapuleya totchipa tambiri sitizidziwa nkomwe, kamangodumpha ngati fayiloyo kulibe. MP3 yokha ndi imene imaimba paliponse.

Kenako werengerani malo. MP3 ya 128 kbps (kbps ndi muyezo wa kamvekedwe, nambala ikakwera fayilo nayo imakula) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi imodzi, ndiye nyimbo ya mphindi 4 ndi 4 MB. Ya 320 kbps imadya 2.4 MB pa mphindi, nyimbo yomweyo ikufika cha m'ma 10 MB. FLAC yochokera pa CD imatha kufika 25 kapena 30 MB nyimbo imodzi. Ndiye pa 8 GB mulowa nyimbo za 128 kbps zosakwana 2000, za 320 kbps pafupifupi 750, za FLAC mazana awiri ndi kanthu basi. Ndipo musadabwe mukagula ya 16 GB kompyuta nkuonetsa 14.9, sanakubereni, opanga ndi kompyuta amawerengera mosiyana.

Gawo lachiwiri: dziwani kuti puleyayo ndi ya banja liti

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndiye ndikhalitsapo.

Banja loyamba ndi la zomwe sizilandira nyimbo popanda pulogalamu yake. Mkulu wa banjali ndi iPod. Apple inatulutsa iPod yoyamba mu October 2001, ya 5 GB, ndipo kuchokera pomwepo njira yake yakhala iTunes, pulogalamu ya Apple ya pa kompyuta. Mutha kuilumikiza ku kompyuta nkuioneka ngati fulashi, mutha kuponyamo ma MP3 anu bwinobwino, koma mukaichotsa nkutsegula menyu ya nyimbo simupezamo kanthu, chifukwa iPod imangowerenga mndandanda womwe iTunes yalemba. Nyimbo zolowa kudzera pa iTunes nazo zimakabisidwa mu foda yotchedwa iPod_Control ndipo zimapatsidwa maina a zilembo zinayi zopanda tanthauzo, ndiye kuzitulutsamo kuti upatse mnzako ndi ntchito ina payokha.

China choti mudziwe, iPod ikakhala pa automatic sync, kutanthauza kuti iTunes ikukopera nyimbo yokha, imakwatiwa ndi laibulale ya kompyuta imodzi. Mukailumikiza pa kompyuta ina, iTunes imafunsa ngati mukufuna kufufuta zonse ndi kuyamba upya, ndipo munthu wosawerenga amangodina Erase and Sync, zonse phyo. Ganizirani zimenezi ngati nyimbo mumakabenetsa kwa anyamata a pa burning centre, iPod si ya moyo umenewo. Mankhwala ake ndi kuchonga pomwe palembedwa Manually manage music tsiku loyamba lomwe. Pa Mac, kuyambira macOS Catalina ya 2019, iTunes kulibenso, iPod imaonekera mu Finder, momwe mumatsegulira mafoda. Pa Windows iTunes ikadalipo, komanso kunabwera pulogalamu ya Apple Devices yomwe imagwira ntchito yolumikiza.

Ma iPod onse pano ndi a kaunjika. iPod classic inasiya kupangidwa mu 2014, nano ndi shuffle mu 2017, ndipo iPod touch inatsekera mu 2022. Ndiye batire lililonse lomwe mungapeze ndi lokalamba. Classic ija ya 160 GB mkati mwake muli hard disk yozungulira, ikagwa pansi imafa, anthu odziwa amaichotsa nkuikamo adaputa ya memori khadi. Ilibe Bluetooth, ilibe wayilesi, ndipo FLAC siimba pokhapokha mutaisintha kukhala ALAC, mtundu wa Apple wofanana ndi FLAC. Nano ya 2009 kupita mtsogolo ili ndi FM, ya 2012 ili ndi Bluetooth. Shuffle ilibe sikirini ndipo zomalizira zija zimachajira pa bowo la mahedifoni ndi kachingwe kake kake, wogulitsa akapanda kukupatsani kachingweko musiyireni. Koma kunena chilungamo, ka gudumu kaja ka pa classic palibe wina anakakwanitsa, kufufuza nyimbo masauzande ndi chala chimodzi kumakoma.

M'banja lomweli muli Zune ya Microsoft, inabwera 2006 nkusiya kupangidwa 2011, imafuna pulogalamu ya Zune yomwe inasiyidwa kalekale. Olo akugulitseni motchipa bwanji, idutseni. Mulinso ma Walkman akale a Sony a nthawi ya mafayilo a ATRAC omwe amafuna pulogalamu ya SonicStage, nawonso ndi mutu waching'alang'ala.

Banja lachiwiri ndi lomwe ine ndimalikonda, la zongokopera ngati fulashi. Walumikiza, watsegula foda ya Music, waponyamo, basi. Sony inalowa m'banjali cha mu 2007 ndi ma model omwe maina awo amayamba ndi NWZ, ndipo ma Walkman ambiri apambuyo pake amalola kukopera chonchi. Pali NWZ-B183F kaja kokhala ngati fulashi komwe kali ndi pulagi ya USB pathupi pake, osafuna chingwe, pali NW-E394 yokhala ndi FM, ndiye pali NW-A55 ya 2018 yomwe imalandira memori khadi ndipo imaimba FLAC. Pulogalamu yawo ndi Music Center for PC, ya pa Windows, koma sikuti ndi yokakamiza, ukafuna umaika, ukapanda kufuna umangokopera. Chenjezo lake ndi chingwe, ma Walkman ambiri a zaka zimenezo amagwiritsa WM-PORT, kamwa lotambalala la Sony yokha, simudzachipeza pa benchi ya machaja mu msika. Zatsopano ngati NW-A105 ndi NW-A306 zinasamukira ku USB-C.

SanDisk nayo ili m'banja lomweli ndi timapuleya take tokhala ndi kopanira pa malaya. Sansa Clip+ ya 2009 ndi Clip Zip ya 2011 ndi tomwe anthu amatisakabe mpaka lero, tili ndi FM, tili ndi polowetsa microSD. Kenako kunabwera Clip Sport, Clip Jam, ndi Clip Sport Plus yomwe ili ndi Bluetooth koma ilibe polowetsa khadi, ndiye werengani dzina lonse, mawu amodzi okha amasintha zinthu. Pa Clip+ muli setting ya USB yomwe imakufunsani MSC kapena MTP. MSC ndiye kuti ikuoneka ngati fulashi pa kompyuta iliyonse. MTP ndi njira yomwe mafoni a Android amagwiritsa, pa Windows imayenda koma pa Mac imafuna pulogalamu yapadera. Sankhani imodzi nkukhala nayo, chifukwa mafayilo omwe munaika muli pa MTP saoneka pa kompyuta mukasinthira ku MSC, ndiye mumaona ngati malo akungotha okha.

Timapuleya topanda dzina tomwe tadzaza m'mashopu nato ndi ta banja limeneli, pamodzi ndi masipika a Bluetooth okhala ndi polowetsa khadi. Kulowetsa nyimbo nkosavuta, mavuto ake ndi ena, ndiwatchula kutsogoloku.

Banja lachitatu ndi la zoyendera Android, zili ngati foni yopanda simu khadi. NW-A306 ya 2023 ili momwemu, komanso zambiri za FiiO, HiBy ndi Shanling za ku China. Zili ndi Wi-Fi, mutha kuikamo Spotify kapena pulogalamu ina iliyonse, zimamveka bwino kwambiri ndi mahedifoni abwino. Koma ndi zodula, batire limatha msanga poyerekeza ndi timapuleya ta mabatani, ndipo ngati munathawa foni chifukwa cha chaji ndi bandulo ndiye kuti mwangozungulira nkubwerera pomwepo.

Gawo lachitatu: muli ndi kompyuta yanji, kapena mulibe

Ngati mulibe kompyuta yanuyanu, iPod iwalani, nkhani yatha. Gulani yolandira microSD, khadiyo muziika mu foni, kukoperamo nyimbo, nkuibwezera mu puleya. Foni ikakhala yopanda polowetsa khadi, ka card reader ndi kachingwe ka OTG kokalumikizira ku foni zimagwira ntchito yomweyo. Ngati muli ndi laputopu ya Windows, mabanja onse atatu ayenda. Ya Mac imagwirizana ndi iPod popanda kuika kalikonse koma imavuta ndi za MTP. A Linux, mapulogalamu a Rhythmbox ndi Strawberry amatha kulankhula ndi ma iPod akale, koma pa iPod touch musawadalire.

Gawo lachinayi: kayeseni pa shopu musanapereke ndalama

Konzani memori khadi yaing'ono yoyesera. Ikanimo MP3 imodzi, M4A imodzi, FLAC imodzi, ka opus ka pa WhatsApp kamodzi, ulaliki umodzi wautali wa ola lathunthu, ndi foda imodzi ya nyimbo khumi zokhala ndi manambala 01 mpaka 10. Tengani mahedifoni anu omwe mumawadziwa kalilidwe kake, si aja a mu bokosi ayi.

Mukafika, ikani khadiyo muone zomwe zaoneka ndi zomwe zadumphidwa. Tsegulani foda ija muone ngati nyimbo zandandalikidwa 01, 02, 03 kapena zangosakanikirana, timapuleya totchipa tambiri timatsata ndondomeko yomwe mafayilo analowera mu khadi osati maina ake. Kenako yatsani ulaliki uja, thamangitsani mpaka pa mphindi 30, zimitsani puleya, yatsaninso. Ikapitiriza pomwe inalekezera ndi yabwino. Ikayambiranso pa pemphero lotsegulira, agogo adzakudandaulirani tsiku lililonse. Ndipo onani kuti kuthamangitsako kukutenga nthawi yaitali bwanji, tina timayenda masekondi awiriawiri mpaka chala kuchita dzanzi.

Tsitsani voliyumu mpaka pansi mumve ngati pali phokoso la shiii kumbuyo. Gwedezani pulagi ya mahedifoni pang'ono, khutu limodzi likamazima ndiye kuti bowolo latha. FM imagwiritsa chingwe cha mahedifoni ngati eriyo, ndiye popanda mahedifoni a chingwe siigwira, musaganize kuti yafa. Bluetooth nayo funsani bwino ngati ndi yotumiza kapena yolandira. Inu mukufuna yotumiza ku mahedifoni kapena ku sipika, koma zina zimangolandira kuchokera ku foni, bokosi limangolemba Bluetooth basi. Yesani kulumikiza ndi zanu pomwepo wogulitsa akuona.

Pomaliza onani kamwa la chaja. USB-C kapena micro-USB mupeza chingwe paliponse ngakhale ku mudzi. Mini-USB ya Clip+ imapezekabe ukasakasaka. Cha 30-pin cha iPod ndi WM-PORT chibwere limodzi ndi puleyayo, apo ayi mtengo utsike.

Gawo lachisanu: memori khadi, pomwe ambiri timapsa

Ine ndinapsapo apa. Ndinagula khadi yolembedwa 64 GB kwa mnyamata wina pa depoti, mtengo wake wokoma kwambiri, kompyuta nayo inaonetsa 64 bwinobwino. Ndinakopera usiku wonse, m'mawa nyimbo zoyambirira zikuimba koma zonse zapambuyo zikungoti file error, mafoda ena maina atasanduka zilembo zachilendo. Khadiyo inali yaing'ono mkati, anangoinamizitsa kuti izinena 64. Kuchokera tsiku limenelo khadi iliyonse yatsopano ndimaiyesa ndi H2testw, ka pulogalamu kaulere ka pa Windows. Mumasankha khadiyo ili yopanda kanthu, kudina Write + Verify, iko kamadzaza khadi yonse nkuwerenganso. Zimatenga nthawi, ya 64 GB itha kudya maola angapo, ndiye onetsetsani kuti laputopu ili ndi chaji. Kakalemba zofiira bwezani khadiyo. Timapuleya topanda dzina tolembedwa 32 GB mkati nato tiyeseni chimodzimodzi, bodza lake ndi lomweli.

Ndiye pali nkhani ya kufomata. Makhadi a 32 GB kutsika pansi amabwera atafomatidwa mu njira yotchedwa FAT32, oposa pamenepo amabwera ali mu ina yotchedwa exFAT. Mapuleya akale ndi otchipa ambiri amawerenga FAT32 yokha, ndiye mukaikamo ya 64 GB imangoti no card. Nthawi zambiri mukaifomata kukhala FAT32 imayamba kugwira, koma ka windo ka Format ka Windows sikapereka FAT32 pa khadi yoposa 32 GB, mufunika kapulogalamu kotchedwa guiformat. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse. FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, koma pa nyimbo zimenezo sizikukhudzani.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sankhani pulogalamu, konzani maina

Ngati puleya yanu ndi ya banja lachiwiri muli ndi ufulu wosankha. MusicBee ndi yomwe ndimauza anzanga a Windows kuti aike, ndi yaulere, imasanja nyimbo, imazindikira puleya kapena khadi, ndipo mutha kuiuza kuti FLAC iliyonse iziisintha kukhala MP3 pokopera, zoyambirira zikukhalabe pa kompyuta momwe zinalili. foobar2000 ndi yopepuka kwambiri, pa laputopu yakale yomwe imalira fani ndi yomwe ingakuthandizeni, koma maonekedwe ake ndi ouma ndipo muyenera kukhala nayo pansi kuti muizolowere. MediaMonkey ili ndi yaulere ndi yolipira, ubwino wake imathanso kulumikiza ma iPod. iTunes imasanja bwino koma ndi yolemera ndipo FLAC siidziwa. Music Center for PC ndi ya eni Walkman, kunja kwa pamenepo ndilibe nayo ntchito. Zosintha mafayilo, monga ma opus aja kupita ku MP3, fre:ac kapena VLC zimakwana. Koma musavutike kusintha MP3 ya 128 kupita 320, siikoma kuposa momwe inalili, imangonenepa.

Tsopano matagi. Mkati mwa MP3 iliyonse muli malo olembamo woimba, alubamu, mutu wa nyimbo ndi nambala yake, ndipo puleya imawerenga zimenezi osati dzina la fayilo lomwe inu mukuliona. Nyimbo zobenetsa ndi zotumizirana pa WhatsApp matagi ake ndi chipwirikiti, pa woimba palembedwa dzina la webusaiti, pa alubamu pali nambala ya foni ya DJ, woimba m'modzi akuoneka kanayi chifukwa wina analemba ndi zilembo zazikulu wina anaphonya chilembo. Ikani pulogalamu ya Mp3tag, kokerani foda yonse mkati, sankhani nyimbo zonse za woimba m'modzi, lembani dzina kamodzi kumanzere, sungani. Mu ma setting ake, pa mtundu wa matagi, siyani pa ID3v2.3, chifukwa 2.4 mapuleya ena akale saiwerenga. Chithunzi cha alubamu chikhale JPEG yaing'ono, ya ma pixel 500 kwa 500 yakwana, ndipo isakhale ya mtundu wotchedwa progressive chifukwa mapuleya ambiri saionetsa.

Ndikuvomereza, ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ine inanditengera ma Sande atatu. Ngati mulibe mtima umenewo, gulani puleya yomwe ili ndi folder view, muzingosanja ndi mafoda, Makwaya, Maulaliki, Zaukwati, Zakale, ndipo matagi muwasiye momwe alili. iPod ilibe folder view, imadalira matagi okha, ichi ndi chifukwa china chomwe sindimaiuzira munthu yemwe nyimbo zake ndi zotolatola.

Kwa okonda kugwiragwira zinthu pali Rockbox, pulogalamu yaulere yomwe imalowa mu puleya mwenimwenimo m'malo mwa ya kufakitale. Pa iPod classic, iPod Video, Clip+ ndi Clip Zip imayenda, ndipo iPod ikakhala ndi Rockbox imasanduka ya banja lachiwiri, kukopera ngati fulashi, FLAC ndi opus kuimba, mafoda kuoneka. Pa Clip Sport ndi Clip Jam siyenda, mkati mwake ndi mosiyana. Onani dzina lenileni la model yanu pa mndandanda wawo musanayambe, ndipo batire likhale lodzaza.

Gawo lomaliza: kulowetsa nyimbo

Sungani foda imodzi yaikulu pa kompyuta kapena pa hard disk, imeneyo ndiye nkhokwe, puleya ndi dengu chabe. Khadi ikachokera ku burning centre isikeneni kaye, ka virus kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamayenda kudzera momwemu. Koperani alubamu imodzi imodzi ngati puleya yanu imatsata ndondomeko ya kalowedwe, kapena mukamaliza gwiritsani kapulogalamu ka DriveSort kuti kasanje. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani malo pang'ono oti puleya ilembepo mndandanda wake. Mukamaliza dinani Eject, dikirani iuze kuti chotsani, kenako ipatseni mpata imalize refreshing kapena creating database, musaizimitse pakati, ndi nyimbo zambiri zitha kutenga mphindi zingapo.

Mukandifunsa kuti ndiye nditenge iti, za agogo ndi za ana ndimatenga ka mabatani kolandira microSD, kokhala ndi FM, kopitiriza pomwe kanalekezera, olo katakhala kopanda dzina bola kadutse mayeso a pa shopu aja. Zothamangira ndi Clip. Kwa amene ali ndi laputopu ndi mahedifoni abwino, NW-A55 ya kaunjika yokhala ndi chingwe chake ndi yomwe ndingaikire ndalama. iPod classic ndi ya munthu amene amaikonda kale ndipo ali wokonzeka kuisinthira batire, ndipo kuitsegula kuseri kwake kumafuna tizitsulo topyapyala ndi kuleza mtima chifukwa chachitsulocho chimapindika, ndiye mupatse wokonza mafoni yemwe anayamba waitsegulapo.